Makabati Osaya a Che Mubarak

Zinayamba m'nyengo yozizira ya chaka cha 2006, Loweruka pa 3 Juni, kutatsala masiku asanu ndi limodzi kuti mpira wa dziko lonse uyambe. Tsiku limenelo a Mubarak anapita m'tauni kukagula mahinjesi ndi vanishi, koma anabwerako masana chimanjamanja. Anandipeza ndikuwothera dzuwa pakhonde.

"Amake Pearl," anatero, kunditchula ndi dzina la mwana wanga monga mwa masiku onse, "lero ndaona tivi yopanda mimba."

"Yopanda mimba bwanji?"

"Yopyapyala ngati thabwa. Akuti dzina lake pulazima. Ndinazungulira kumbuyo kwake kufuna pamene abisa zotsalazo, osapeza kanthu. A m'sitolo anandiseka."

"Nanga mtengo wake?"

"Wa galimoto," anatero akuseka. "Koma udzatsika. Wa wayilesi ya kaseti unatsika. Wa foni ya m'manja ukutsika tikuona. Ndi uwu udzatsika."

A Mubarak anali kalipentala. Ankagwira ntchito m'shedi ya malata kuseri kwa nyumba yanga ku Kabwata kuyambira pa 1 Malichi 1991, pamene malemu amuna anga, a Chabala, anawalola kuika benchi lawo pansi pa mtengo wa mango. Iwo ndi akazi awo, a Zuhula, ankakhala m'zipinda ziwiri zogundana ndi shediyo. A Zuhula ankawatchula kuti Che Mubarak, anthu a mumsewu wathu ankati ba Mubarak. Bambo awo anali telala wochokera ku Mangochi, koma iwo anabadwira mu Lusaka muno mu 1948, ndipo ku Malawi anapondako kamodzi kokha, kumaliro. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Shamsiya, anakwatiwa ku Chipata mu 2004, ndipo nthawi iliyonse akaimba foni ankamaliza ndi mawu amodzimodzi, akuti makolo ake asamuke akakhale naye. A Mubarak ankakana. "Ku Chipata ndikakhala wa ndani? Ndizikadzuka m'mawa kudikira mkamwini andipatse tiyi? Ine mudzi ndilibe. Mudzi wanga ndi benchi ili." Chimene ankalimbira zaka zonse zimene ndikufotokozazi ndi chimenecho: kukhala mu Lusaka, pa benchi lawo, akudya za manja awo.

Ndipo manja awo ankadyadi. Ntchito imene inawatchukitsa inali ya makabati a tivi. Ma tivi akale aja anali ndi chimimba kumbuyo, olemera ngati thumba la simenti, ndipo aliyense wogula ankafuna kabati yakuya, ya zitseko ziwiri ndi loko, yoteteza ku fumbi, ku ana ndi ku akuba. Yawo inali ya mukwa, mtengo umene kwathu kum'mawa timati mlombwa, yolumikiza mano ndi mano popanda msomali woonekera. Kuyambira ku Kabwata mpaka ku Kaunda Square, nyumba zambiri zinali ndi kabati yawo pabalaza, kansalu koluka kali pamwamba.

Madzulo a tsiku lomwelo anandifotokozera nzeru imene anabwera nayo kuchokera m'tauni.

"Tsiku limene mtengo udzatsike, anthu onsewa adzagula. Adzaiika pati? Makabati onse amene ndinawapangira ndi akuya, komanso opanikiza m'mbali. Adzafuna atsopano, otambalala koma osaya. Akalipentala onse adzayamba kuthamangira matabwa, ndipo anthu adzapeza kuti munthu mmodzi yekha ali nawo kale."

Ndinaphunzitsa masamu zaka makumi atatu, koma m'mawu amenewa sindinapezemo cholakwika. Ndinawauza kuti kabati yoyamba idzakhala yanga.

Kuyambira pamenepo, Loweruka loyamba la mwezi uliwonse ankakwera minibasi kupita ku sitolo ina ya mu Cairo Road, tepi ili m'thumba, pamodzi ndi kathabwa kamene ankalembapo miyeso ndi pensulo. Pa 7 Okutobala 2006 ndinapita nawo, popeza ndinali ndi zochita ku positi. Wogulitsa m'sitolomo anali bambo wina wamfupi, womanga tayi, dzina lake Lemmy.

"Ba mudala, muli shani? Mwabwela futi kupima odwala anu?" anatero Lemmy. "Lelo mugula, kapena mupima chabe?"

"Ndipima chabe. Kugula adzagula ena."

"Ndimwe kasitomala wabwino imwe. Katundu simuutha. Koma osagwila pa galasi, mukaiphwanya mugulitsa nyumba ya amai awa."

A Mubarak anayeza m'litali, m'lifupi ndi kuchindikala, kawiri kawiri, milomo ikuyenda. Pa tivipo pankaoneka nsomba zofiira zikusambira, zowala moti ndinkaona mamba ake limodzi limodzi. Iwo nsombazo sanaziyang'ane n'komwe. Anangofunsa Lemmy ngati mtengo wasuntha, Lemmy n'kuti wasuntha pang'ono, ngati kamba.

Kabati yoyamba anaimaliza pa 17 Malichi 2007. Inali yokongola kuposa zonse zimene ndinaonapo: yotambalala, yosaya, zitseko zake zopinda n'kulowa m'mbali kuti zisatchinge woonera. Kumbuyo kwake analembako ndi pensulo kuti "Amake Pearl". Tinaiika m'chipinda changa cha alendo n'kuifunditsa nsalu yakale. Patapita miyezi iwiri, yachiwiri inabwera kudzakhala pambali pake.

Chimene tonsefe sitinaganize n'chakuti odikira sanali a Mubarak okha. Anthu onse ankadikira. Amene akanagula tivi ya chimimba anati tiyembekeze kaye, zatsopano zija zitsike. Opanda tivi yatsopano safuna kabati. Maoda anayamba kuchepa, ndipo kabati yakuya yomaliza anaigulitsa pa 14 Novembala 2009, kwa mlonda wina wa ku Northmead amene anapatsidwa tivi yakale ndi abwana ake. Kuchokera apo ankapulumukira kukonza zitseko, miyendo ya mipando ndi mafelemu a mawindo, ndipo a Zuhula anayamba kukazinga vitumbuwa n'kumagulitsa pageti. Kangachepe kakapezeka, a Mubarak ankagula mukwa.

Mnzawo wa pamtima anali a Norbert, wowotcherera zitsulo, Mbemba wa ku Kitwe, amene malo ake anali nyumba yachitatu kuchokera kwathu. Ankabwera masana ndi kapu yawoyawo kudzamwa tiyi wa a Zuhula.

"Ba Mubarak, imwe, mukusunga nkhalango m'nyumba ya ba mayo," anatero a Norbert tsiku lina, akuloza nyumba yanga. "Anzanu onse apita ku mabokosi a malilo. Uko kulibe kudikila mtengo. Kasitomala abwela yekha, ndipo sabwelela kudzadandaula."

"Ife timaika munthu m'nsalu yoyera, Norbert. Bambo anga anapita m'nsalu, ine ndidzapita m'nsalu. Manja awa bokosi sakulidziwa."

"Nanga njala muidziwa?"

"Njala ndi mlendo. Imwani tiyi, akuzizira."

Vuto lina linali la miyeso. Makabati asanu ndi awiri oyamba anawapangira tivi ya mainchi 32, poganiza kuti ndiyo idzayambe kutsika. Inatsikadi pang'ono, koma Lemmy anawauza kuti anthu tsopano akufunsa za mainchi 42, ndipo pulazima ikutha, kwabwera mtundu wina wopyapyala kwambiri. Mtundu umenewonso usanatsike bwino, kunabwera wina, wa m'mphepete mochepa. Mwezi uliwonse kathabwa ka miyeso kankabwerako ndi manambala ena. A Mubarak sanaphwasule akalewo. Anati osauka adzagula zazing'ono, apakati adzagula zazikulu, onse adzafuna kabati. Pofika Khirisimasi ya 2011 makabati anali makumi awiri ndi atatu: khumi ndi imodzi m'chipinda changa cha alendo, otsalawo m'shedi, osanjikiza mpaka kudenga. Alendo anga ankagona pabalaza. Lachinayi lililonse a Zuhula ankawapukuta onse.

Lolemba pa 6 Febuluwale 2012 a Mubarak anaitanidwa ku Woodlands kukakonza chitseko kwa kasitomala wawo wakale. Inali sabata imene timu ya Zambia inkayandikira chikho cha Africa, ndipo a ndalama ankagula ma tivi atsopano ngati tomato. Anabwerako dzuwa likupendeka, n'kukhala pa sitepe ya khonde langa osavula chipewa.

"Aipachika pakhoma," anatero.

"Chiyani?"

"Tivi. Ili pakhoma ngati kalendala. Pansi pake palibe kanthu. Kabati imene ndinawapangira mu 1998 ili kukhonde la kumbuyo, akusungamo nsapato ndi chakudya cha galu."

Ndinakhala pambali pawo. Iwo ndiwo anadzitonthoza okha.

"Koma ndi ku Woodlands kumeneko. Ali ndi mpanda wamagetsi, ana awo ndi awiri, sasewera mpira pabalaza. Kuno ku Kabwata munthu angasiye chinthu cha mtengo wotere pakhoma, chopanda loko? Mayi wa nyumba angalole tivi yopanda poika kansalu ndi chithunzi cha ukwati? Anthu athu ndikuwadziwa."

Ndinavomera. Sindikudziwa ngati ndinakhulupirira, koma makabati anali atapangidwa kale, ndipo kuwauza kuti mwina alakwitsa kunali ngati kuuza munthu ali pakati pa mtsinje kuti sakanawoloka. A Zuhula anamva zonse ali pa mbaula yawo. Sanatukule mutu.

Pa 1 Januwale 2013 ndalama yathu inachotsedwa mazilo atatu. Loweruka lotsatira Lemmy anawalandira a Mubarak ndi manja awiri. "Ba mudala, zimene munali kudikila zachitika! Onani pa pepala, mtengo wafupika!" A Mubarak anandifotokozera nthabwala imeneyi akuseka, koma anaifotokoza kamodzi kokha. Mu 2015 kwacha inagwa, mitengo imene inkatsika ija inakweranso, ndipo magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku. Anthu ankafunsana za makandulo ndi makala, osati za tivi.

A Zuhula anamwalira chaka chomwecho, Lachitatu pa 19 Ogasiti, atadwala masabata atatu okha. Anaikidwa tsiku lomwelo, monga mwa chipembedzo chawo. Shamsiya anafika mochedwa, anthu atabwerako kale kumanda. Anakhala masiku khumi, ndipo tsiku lomaliza anandiitana kuti ndikhale mboni pamene ankalankhula ndi bambo ake m'shedi.

"Baba, adzakuphikirani ndani? Dzanja lanu likunjenjemera, ndaliona. Tiyeni."

"Ndisiye katundu yenseyu?"

"Katundu wa chiyani, Baba? Zaka zisanu ndi zinayi! Amayi afa akupukuta matabwa."

A Mubarak anasisita benchi ndi chikhatho.

"Ndipatse nthawi mpaka mitengo itsike," anatero. "Ikatsika, anthu n'kugula ma tivi, makabati n'kukhala osagulidwa, ndidzabwera ndekha. Sudzachita kundikoka. Amake Pearl amva."

Ndinamva. Shamsiya anandiyang'ana ngati ndine ndinawaphunzitsa mawuwo, ndipo mwina sanalakwe kwenikweni.

Zaka ziwiri zotsatira a Mubarak ankadya kwathu masana. Ulendo wa Loweruka sanausiye, ngakhale Lemmy anali atachoka pa ntchito ndipo ogulitsa atsopano sankawalola kuyandikira ndi tepi. Ankayeza ndi maso ali panja pa galasi.

Mitengo inatsika mu 2017. Kaulutsidwe ka tivi kanasintha, ma tivi akale aja anayamba kufuna kabokosi kapadera kuti aonetse, ndipo anthu ambiri anati bola kugula yatsopano. M'masitolo a ku Kamwala munadzaza ma tivi opyapyala a mayina amene sitinawamvepo, pa mtengo woti mphunzitsi kapena namwino angakwanitse. Mumsewu wathu tinayamba kuona makatoni aataliatali akutsika m'matakisi, ena atasenzedwa pamutu.

Loweruka pa 4 Novembala a Mubarak anavala mkanjo wawo woyera. Amuna awiri aganyu anatulutsa makabati asanu ndi atatu n'kuwandandalika m'mbali mwa msewu, kunja kwa geti langa. Vanishi inkawala padzuwa. Anthu ankaima, kusisita, kutsegula zitseko ndi kutseka.

"Ba Mubarak, iyi ndiye nchito!" anatero mayi wina wa nyumba ya pakona. "Koma ise tapachika kale. Chitsulo chake anatipatsa pamodzi na tivi."

"Nanga ana akaponya mpira?"

"Ili pamwamba, safika."

"Akuba?"

"Yamangidwa na mabauti ku khoma. Ba Norbert ndiye anamanga. Ndipo pa sitingi lumu yathu paja mudziwa, ni pang'ono. Manje takwanitsa kuika mpando wina."

Zinali zoona. A Norbert anali atagula makina obowolera khoma, ndipo kwa amene tivi yawo inabwera yopanda chitsulo chopachikira, ankawotcherera chawo. Tsiku lonse ankayenda nyumba ndi nyumba. Masana anasiya kubwera ndi kapu yawo. Akamadutsa pageti ankapereka moni akuyang'ana kutsogolo.

Masabata asanu ndi awiri makabati ankatuluka m'mawa n'kulowa madzulo. Mvula ikayamba, a Mubarak ankathamanga ndi mapepala apulasitiki, ine ndikuwagwirira mbali ina. Anagulitsa awiri. Imodzi inapita ku saluni kukasunga mataulo. Inayo anagula mbusa wina kuti aziikamo mabuku a nyimbo.

Yanga ija inali chikhalire m'chipinda cha alendo, ndipo ndinali nditatsimikiza kuti m'nyumba mwanga mokha zinthu zidzayenda monga tinapanganirana. Ndinauza Pearl, amene amakhala ku Chelstone, kuti akadzafuna kundigulira tivi, ikhale ya mainchi 32. Anati wamva.

Loweruka pa 23 Disembala 2017, cha m'ma 10 koloko m'mawa, galimoto ya Pearl inalowa pageti, mipando yakumbuyo itagonekedwa. Pambuyo pake panali a Norbert ndi makina awo.

"Amayi, Khirisimasi yanu iyi! Mainchi 55."

"Ndinati 32, mwanawe."

"Ya 32 ndi ya m'khitchini masiku ano. Ndi maso anuwo mukanaonapo chiyani? Ndiponso kusiyana kwa mtengo kunali kochepa. Zatsika, Amayi."

"Ili ndi kabati yake. Yakhala ikudikira zaka khumi."

"Ba mayo," anatero a Norbert motsitsa mawu, "mu kabati ija siingalowe."

Ndinati tiyese ina mwa zazikulu zija. Ndinapita ndekha kukaitana a Mubarak. Anabwera ndi tepi, napereka moni kwa Pearl, namufunsa za ana. Anayeza tivi ili m'katoni, kawiri. Sanachite kupita kukayeza kabati, miyeso yake ankaidziwa pamtima.

"Yapitirira ndi chikhatho mbali iyi, ndi chikhatho mbali iyo," anatero. "Ngakhale yaikulu kwambiri ija siingailandire."

"Tikhoza kukaibweza," ndinatero.

"Amayi!" anatero Pearl.

"Musabweze mphatso ya mwana," anatero a Mubarak. "Norbert, bowola."

A Norbert anaika chitsulo pakhoma n'kulemba timadontho tinayi. A Mubarak anapendeketsa mutu.

"Chapendama. Ukuyeza ndi maso ngati womanga khola la nkhuku. Dikira."

Anapita kushedi n'kubwerako ndi levulo yawo yamatabwa, ya kadontho ka madzi pakati. Anaigwira okha pamwamba pa chitsulocho, akuuza a Norbert kuti kweza pang'ono, tsitsa, basi pomwepo. Makina atayamba kulira, fumbi la khoma linagwera pa mkanjo wawo, koma sanasunthe mpaka mabowo onse anayi atatha. Anathandizanso kunyamula mbali imodzi poipachika. Pearl atayatsa, nkhope ya wowerenga nkhani inadzaza khoma lonse, ndipo Pearl anawomba m'manja.

"Yakhala bwino," anatero a Mubarak. "Yawongoka."

Anatenga levulo yawo n'kutuluka. Masana amenewo sanabwere kudzadya, ndipo m'mawa mwake makabati sanatuluke kumsewu.

Ndinayesa zimene ndikanatha. Ndinalankhula ndi a kutchalitchi kwathu, ndi mphunzitsi wamkulu wa sukulu imene ndinkaphunzitsa, ndi mnzake wa Pearl wa ku Kabulonga amene amakonda zinthu za mukwa. Onse ankayamikira, onse ankafunsa kuti kabati yosaya chonchi angaikemo chiyani. Ndinawauza a Mubarak kuti atha kukhala m'zipindazo mpaka kalekale, akudya kwathu, popanda wowafunsa kanthu.

"Ndiye kusiyana kwake ndi ku Chipata n'chiyani?" anatero. "Kumeneko wondipatsa tiyi ndi mwana wanga. Ndipo ndinalonjeza, inu muli pomwepo."

Anamuimbira okha Shamsiya pa 2 Febuluwale 2018, atabwerako ku mapemphero a Lachisanu. Anapempha kuti adikire mvula ithe. Mwezi wa Malichi wonse anakhala akumaliza tintchito ta anthu timene tinatsalira: mpando wa uyu, chitseko cha uyo, shelefu ya mayi wa pakona. Benchi anasiyira a Norbert, amene anabwera kudzalitenga ndi wilibala, maso ali ofiira, n'kunena kuti ndi utsi wa zitsulo. Za makabati makumi awiri ndi imodzi otsalawo anangoti, "Muona chochita, amake Pearl." Mpaka lero sindinachione.

Shamsiya anafika Lamlungu, nagona masiku awiri. Pearl anatiperekeza pa galimoto mpaka ku siteshoni ya mabasi ya Intercity m'mawa kutangocha. Oitanira mabasi anatizinga, aliyense akukoka chikwama. Katundu wa a Mubarak anali sutikesi imodzi ndi bokosi la zipangizo, ndipo wolongedza katundu atalinyamula anati, "Ba shikulu, muli miyala umu?" A Mubarak anakana kuti lilowe pansi pa basi. Anakangana mpaka Shamsiya analipira mpando wina, bokosilo n'kukhala pawindo, iwo pakati.

Ndinawapatsa mkate ndi mazira owiritsa. Anandithokoza, nandiuza kuti denga la shedi likudontha pakona ya kum'mawa, ndipeze munthu alikonze mvula isanabwerenso. Ndinafuna kunena zambiri, koma kondakitala anali akumenya kale m'mbali mwa basi.

Basi inatuluka pageti nthawi ili 6:40, Lachiwiri pa 10 Epulo 2018.